Mayi amene ankawerenga mawanga a chimanga

Ndevu iliyonse imene imatuluka kunsonga kwa chimanga imachokera pa njere imodzi, ndipo imadikira kafumbi kamodzi ka mungu wa ku ngayaye. Choncho njere iliyonse pa chisononkho ndi mwana payekha: mayi ndi mmodzi, koma bambo angakhale phesi lililonse limene mphepo yadutsapo. Barbara McClintock sankalola mphepo kumugwirira ntchitoyo. M'munda wake ku Cold Spring Harbor, pa Long Island ku New York, ankaveka chimanga timatumba ndevu zisanatuluke, kumanga thumba lina pa ngayaye ya phesi limene wasankha, m'mawa n'kuthira yekha munguwo pa ndevu. Kenako ankalemba kuti uyu wabereka ndi uyu. Kudera lozizira ngati limenelo chimanga chimalimidwa kamodzi pachaka, ndiye kulakwitsa thumba limodzi kunali kutaya funso la chaka chathunthu.

Mayiyu anabadwa mu 1902 ku Hartford, Connecticut, ndipo anamaliza digiri yake ya udokotala pa yunivesite ya Cornell mu 1927. Luso lake loyamba linali la maso. Nthawi imeneyo anthu ankadziwa kuti chimanga chili ndi mapeya khumi a makromosomu, timaulusi ta m'maselo tonyamula chibadwa, koma pa maikulosikopu onse ankangooneka ofanana. Iye anakonza njira yopakira maselo utoto wofiira wa carmine mpaka anatha kusiyanitsa kromosomu iliyonse ndi inzake, poona kutalika kwake ndi timfundo take. Ankang'amba ngayaye yanthete isanatuluke m'phesi n'kufinya maselo ake pagalasi pa nthawi imene makromosomu atambasuka. Mu 1931, iye ndi wophunzira wina, Harriet Creighton, anagwiritsa ntchito kromosomu ya nambala 9 yokhala ndi kamfundo kumapeto posonyeza kuti makromosomu amasinthanadi zidutswa pobereka. Ambiri ankazikhulupirira kale zimenezi pongowerengera; awiriwa anazionetsa pagalasi.

Koma chimene chimandigometsa kwambiri ndi zimene anachita ndi njere zamawangamawanga kuyambira 1944. Aliyense amene anakonolapo chimanga chamakolo anaonapo njere yoyera yokhala ndi timadontho tofiirira, n'kungoiponya m'lichero. McClintock anaona kuti madonthowo ndi mbiri. Njere imakula kuchokera ku maselo ochepa amene amagawikana mobwerezabwereza. Ngati selo imodzi yayamba kupanga mtundu njere ikadali yaing'ono, zidzukulu zake zimachuluka, ndipo banga limakhala lalikulu. Ngati yayamba mochedwa, pamangooneka kadontho. Kukula kwa banga kumanena nthawi, kuchuluka kwa mawanga kumanena kuti chinthucho chachitika kangati. Munthu amene wadziwa zimenezi sayang'ananso njere ngati poyamba.

Nanga n'chiyani chinkachititsa selo kuyamba kupanga mtundu mwadzidzidzi? Atakwatitsa mibadwo ingapo ya chimanga n'kuwerenga njere zikwizikwi, anapeza tizidutswa tiwiri ta chibadwa, n'kutitcha Ds ndi Ac. Ds ikakhala pakati pa jini yopanga mtundu imaitseka, ngati chisononkho chotsekera pakamwa pa chigubu, ndipo njere imakhala yoyera. Ac ikakhalapo, Ds imatha kuzuka n'kukakhala pena, jini ija n'kuyambanso ntchito m'selo imeneyo ndi ana ake onse. Anaonanso kuti Ac ikachuluka, kuzukako kumachedwa, madontho n'kukhala ang'onoang'ono. Zonsezi anazipeza pofika 1948, anthu asanadziwe n'komwe maonekedwe a DNA, amene anadzalongosoledwa mu 1953. Zida zake zinali matumba a pepala, galasi, utoto ndi makadi olembapo.

Mu 1951 anafotokoza zimenezi pa msonkhano wa akatswiri ku Cold Spring Harbor komweko, ndipo ambiri anangoti kukamwa yasa. Chiphunzitso cha nthawiyo chinkati jini iliyonse ili ndi malo ake okhazikika pa kromosomu. Pali nthano yakuti mayiyu ankangonyozedwa, koma si zoona kwenikweni: anali atasankhidwa kale kulowa mu National Academy of Sciences mu 1944, mkazi wachitatu kulandira ulemuwo, ndipo mu 1945 anali mkazi woyamba kutsogolera Genetics Society of America. Ankamulemekeza, kungoti sankatha kumutsatira. Umboni wake unali wolukanalukana, ndipo kuti uumve unkafunika kuchidziwa chimanga monga mmene ankachidziwira iye. Anthu otero anali ochepa, poti achinyamata ambiri anali atathamangira ku mabakiteriya, amene amaswana m'mphindi zochepa osati m'chaka.

Cha m'ma 1953 analeka kutumiza nkhaniyi ku magazini a sayansi, koma sanaleke kulima ndi kulemba m'malipoti a Carnegie Institution, bungwe limene linkamulipira. Anatheranso zaka zambiri akufufuza mitundu ya chimanga cha ku Central ndi South America, akulondola ubale wake poyang'ana timfundo tomwe tija ta pa makromosomu.

Mabakiteriya omwewo ndi amene anadzamuikira kumbuyo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, ofufuza anapeza tizidutswa toyendayenda m'menemonso, tina tonyamula mphamvu yokana mankhwala. Mu 1983, ali ndi zaka 81, analandira mphoto ya Nobel ya zamankhwala, mkazi woyamba kuilandira yekha popanda wogawana naye. Anamwalira mu 1992. Mu 2009, akatswiri atawerenga DNA ya chimanga, anapeza kuti pafupifupi 85 peresenti yake ndi tizidutswa ta mtundu woyendayendawu.