Maliro Opanda Okhuza: Ndemanga pa Zolemba za Ophunzira a ku Chadiza

Sukulu zitatsekedwa m'Zambia pa 20 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, boma linaletsanso anthu oposa 50 kusonkhana pa maliro. Chaka chomwecho mwambo wa Kulamba, umene umakumanitsa Achewa a m'maiko atatu ku Mkaika, sunachitike. Kwa anthu a ku Chadiza, amene ambiri ali ndi abale kutsidya kwa malire a Mozambique, nkhaniyi inali yolasa mtima.

Tikasanthula ndakatulo ndi nkhani zazifupi za ophunzira a m'bomali, tikupeza kuti zambiri zangobwereza uthenga wa pa wailesi wa kusamba m'manja. Zoterezi n'zozizira. Zogwira mtima ndi zimene zalunjika pa siwa. Mlembi akaonetsa mdzukulu akumva pa lamya kuti agogo ake anaikidwa dzulo, safunikanso kutchula "chisoni". Paja liwu lakuti "mdzukulu" limatanthauzanso wokumba manda. Choncho Mchewa amamva kuti mwanayo walandidwa agogo pamodzi ndi udindo wake.

Aphunzitsi ena amadula malikisi pa zolemba zoterezi, ati sizinatchule dzina la mliriwo. Ife sitikugwirizana nawo.