Za Mawu Akuti "Mwano" ndi Anzake

Mphunzitsi akafunsa ana tanthauzo la "mwano", ambiri amayankha kuti ndiko kutukwana. Yankho lotere tisalilandire msanga, pakuti mawu awiriwa sali amodzi. Wotukwana amatchula zamanyazi, ndipo angathe kutukwana mnzake wa msinkhu wake, ngakhale mbuzi yolowa m'munda. Koma mwano umayang'ana kumwamba: ndiwo mlandu wa wamng'ono pa wamkulu. Mwana woyankha atate wake ali chiimire, manja m'chiuno, wachita mwano ngakhale sanatchule liwu loipa ndi limodzi lomwe.

Apa mpamene pali nzeru ya omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, William Murray wa Mishoni ya Nkhoma akutsogolera ntchitoyo. Pofuna kutchula tchimo lopeputsa Mulungu iwo anasankha "kuchitira mwano". Ine ndiyesa kuti anasankha bwino, chifukwa mawuwo amaika munthu pamalo pa mwana ndi Mulungu pamalo pa kholo. Alaliki ambiri lero amakonda kunena "kunyoza Mulungu", ndipo nzomveka. Koma kunyoza kumayang'ana pansi. Timanyoza wosauka, timanyoza ndiwo zosakoma. Kulemera kwa mlanduwo kwachepapo.

Komabe "mwano" sukwanira ponseponse. Makolo athu ankaopa zochita koposa zonena. Munthu wodula mtengo m'nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona, sitinena kuti watukwana. Timati walakwira mizimu, kapena waipsa malo. Wowulula za kudambwe kwa osameta timati waulula mwambo. Pali ndi "kulaula", liwu lovuta, limene limanena za mawu kapena machitidwe osayenera kuoneka, onga otsogolera tsoka. Nchifukwa chake nkhalamba ikaona zachilendo zoopsa imati, "Zandilaula."

Inu amene mudzaima patsogolo pa ana, dziwani kuti m'kalasi imodzi mudzakhala mwana wa Mkhristu, wa Msilamu ndi wa mkulu wa gule. Ndinamvapo wophunzira wina pa nthawi yoyesera kuphunzitsa akuuza ana kuti Gule Wamkulu ndi "zamwano". Chinenero anachilakwa, pakuti gule sapeputsa wamkulu aliyense mwa iye yekha. Ndiponso mwano weniweni anachita ndiye, pamaso pa ana amene makolo awo amaulemekeza. Tsiku lotsatira ana anayi sanabwere kusukulu.