Dzina Lopotoka: Za Chiyankhulo m'Buku la A Long Way Home ndi Kanema wa Lion

M'pepala lino tifuna kuona mmene buku la Saroo Brierley, A Long Way Home (2013), ndi kanema wochokera m'bukuli, Lion (2016), yemwe anawongolera Garth Davis, zaonetsera nkhani ya mwana wofunafuna mayi wake womubala. Oŵerenga ambiri atama Google Earth kuti ndiyo inabweza mwanayo kwawo. Ife tikuti chimene chinamsokeretsa ndi chiyankhulo, ndipo ntchito ziŵirizi sizinaiyese mfundoyi pa muyeso umodzi.

Mu 1986 Saroo, ali ndi zaka 5, anatsagana ndi mkulu wake kuchokera ku Khandwa, m'chigawo cha Madhya Pradesh ku India, kupita ku siteshoni ya Burhanpur. Mkulu wakeyo atachedwa kubwera, mwanayo analoŵa m'sitima, nagona tulo. Sitimayo inakamtula ku Howrah, pafupi ndi mzinda wa Calcutta, mtunda wa pafupifupi makilomita 1,500. Mu 1987 banja la ku Hobart, ku Tasmania, linamtenga kukamlera. Anapeza kwawo pa mapu mu 2011, ndipo anakumana ndi mayi ake mu 2012, patapita zaka 25.

Mwanayo sanali wosoŵa chonena kwa omfunsa. Anali ndi mayina atatu: kwawo ankati Ginestlay, siteshoni ankati Berampur, iye mwini ankati ndi Saroo. Mayina enieni anali Ganesh Talai, Burhanpur ndi Sheru. Tikawaika pamodzi tiona kuti kupotokako kunali ndi dongosolo. Choyamba, sh anasanduka s mu Ganesh ndi mu Sheru momwe. Chachiŵiri, phatikizo la ta- mu Talai linataya lembo lake laliwu, kotero kuti mawu aŵiri anamatana nakhala amodzi. Chachitatu, mu Burhanpur h anagwa, ndipo n anasanduka m chifukwa chogundana ndi p. Kusintha kotsirizaku sikwachilendo kwa ife a ziyankhulo za Chibantu, pakuti m'Chicheŵa timati nthiti ndi ndege, koma mphasa ndi mbuzi. Tsoka lake linali lakuti dzina lopotokalo linafanana ndi mayina a mizinda ina, monga Berhampur ku Orissa ndi Berhampore ku West Bengal. Kuwonjezera apo, Ganesh Talai ndi dera chabe la m'tauni ya Khandwa. Mwana amadziŵa dzina la pakhomo, koma kalaliki amafuna dzina la pa mapu.

Chigawo choyamba cha kanemayu tiyenera kuchiyamikira. Davis analola kuti chikambidwe m'Chihindi ndi m'Chibengali, ndipo pa siteshoni ya Howrah tikuona mwana (Sunny Pawar) akutchula kwawo mobwerezabwereza kwa anthu oyankhula Chibengali, amene akungomkankha. Woonera amazindikira kuti munthu angathe kukhala mlendo m'dziko lake lomwe, chinthu chimene tonse a m'maiko a ziyankhulo zambiri timachidziŵa.

Koma chigawo chachiŵiri chabwerera m'mbuyo. Saroo wamkulu (Dev Patel) akuoneka akulimbana ndi mapu, mizere ya njanji ndi thanki ya madzi, ngati kuti chimene chinatayika ndi malo okha. Za dzina lakuti Sheru, lochokera ku liwu lotanthauza mkango, kanemayu wazisungira kumapeto penipeni, m'mawu olembedwa, kuti amasulire mutu wake. Motero chimene chinali muzu wa nkhani chasanduka chokometsera. Pokumana mayi ndi mwana, misozi ndi nyimbo zakwirira funso lalikulu: kodi aŵiriŵa ayankhulana bwanji?

Apa buku laposa kanema. Brierley sabisa kuti Chihindi anachiiŵala, ndipo kuti pocheza ndi mayi ake anadalira womasulira. Ofufuza za kutha kwa chiyankhulo choyamba mwa ana oleredwa kunja aona zomwezi: mwana wochotsedwa pakati pa anthu a kwawo asanakule amataya msanga chiyankhulo cha pabere. Tangoganizani: mayi anadikira zaka 25 osasamukira kutali, ndipo tsiku lokumana mbiri ya imfa ya mkulu wa Saroo, amene anafera pa njanji, inamfika mwanayo popanda chiyankhulo choti alirire limodzi ndi amake. Komabe nalo buku langoitchula mfundoyi nkupitirira. Masamba ambiri lawapereka ku ntchito ya pa kompyuta, ochepa ku kusoŵa mawu kwa tsikulo.

Nkhaniyi ndi ya ku India ndi Australia, koma phunziro lake likutikhudza. Ana ndi zidzukulu za matchona, amuna a ku Malaŵi amene anakatsalira ku migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe ndi South Africa, kaŵirikaŵiri amadza kudzafuna abale atanyamula dzina la mudzi, la mfumu kapena la mfunda, limene lapita kale m'kamwa mwa Chishona, Chindebele kapena Chizulu. Kalaliki akalisoŵa m'kaundula amati kulibe. Wodziŵa malamulo a katchulidwe angathe kulibweza dzinalo m'mbuyo, phatikizo ndi phatikizo, mpaka lifike pamene linachokera. Tikadakhala kuti tinaima pa Howrah mu 1986, ndi ntchito imeneyi imene ikadafunika kwa ife.