Nyimbo Zopekedwa M'ndende ya Zomba

Anthu a m'chigwa cha Domasi, monganso a madera ena ozungulira mzinda wa Zomba, amaidziwa ndende yaikulu ya mumzindawu ngati malo achisoni. Komatu m'chaka cha 2013 Ian Brennan wa ku America ndi mkazi wake Marilena Delli adalowa m'ndendemo ndi makina ojambulira mawu, najambula nyimbo zimene akaidi ndi ena mwa oyang'anira ndende adapeka okha. Chimbale chake, chotchedwa I Have No Everything Here, chidatuluka mu 2015, ndipo chidasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy za 2016, ngakhale kuti mphotoyo idapita kwa Angélique Kidjo.

Mphamvu ya chimbalechi yagona pakuti oimbawo akuimba zimene zidawagwera eni ake: uchimo, imfa, kusungulumwa ndi kulekana ndi abale. Amuna adali kale ndi gulu loimba lokhala ndi magitala, pamene amayi adadalira kwambiri mawu awo okha. Komabe nyimbo za amayiwo n'zogwira mtima zedi, chifukwa mmodzi akatsogolera, anzake amavomera monga zimakhalira pamtondo kapena pamaliro. Chisoni cha munthu mmodzi chimasanduka cha gulu lonse. Brennan adachita bwino posakometsa mawuwo ndi makina, pakuti kunjenjemera kwa liwu la woimba ndiko kukuchitira umboni kuti zimene akunena n'zoona.

Zofooka ziliponso. Nyimbo zina n'zazifupi kwambiri, moti zimatha ganizo lisadakhwime, ndipo womvera amatsala ndi njala. Chinanso n'chakuti mitu ya nyimbo idalembedwa m'Chingerezi, chikhalirecho zambiri zidaimbidwa m'Chichewa. Izi zikuonetsa kuti chimbalechi chidakonzedwera makutu a anthu akunja, ndipo zikudzutsa funso lofunika: kodi nyimbo ikajambulidwa, mwini wake weniweni ndani pakati pa wopeka, oimba anzake ndi wojambula?

Achinyamata amene amapeka nyimbo m'makwaya a kusukulu ndi kutchalitchi angatolepo maphunziro awiri. Loyamba, nyimbo yabwino imachokera m'zimene wopekayo akuzidziwa bwino, osati m'kudula kwa zida zoimbira. Lachiwiri, oimba asadalowe mojambulira ayenera kugwirizana za amene adzatchulidwe kuti ndiye adapeka, chifukwa nyimbo ikangotuluka imayenda kutali kumene mwini wake sangafike.