Bwinja Kapena Nyumba? Mawu a Lamulo la Zakale la Tanzania pa Gombe la Nyasa

M'nkhani ino tifuna kuunika mawu amene lamulo la Tanzania loteteza zakale, la chaka cha 1964 limene linakonzedwanso mu 1979, limatchulira zomangidwa zoyenera kusungidwa, ndi kuona ngati mawuwo akugwira kanthu m'boma la Nyasa, kuyambira ku Mbamba Bay ndi Liuli m'mphepete mwa nyanja kufikira kumtunda ku Tingi.

Lamuloli limateteza, popanda kudikira chilengezo cha nduna, chomangidwa chilichonse chimene chinaimikidwa chisanafike chaka cha 1863. Malire ameneŵa ngoyenera ku nyanja yamchere, kumene kuli mizikiti ndi nyumba zamiyala za Kilwa Kisiwani ndi Songo Mnara. Kuno ayi. David Livingstone anafika pa nyanja ino mu 1859, amishoni a UMCA anakhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo nyumba za amishoni ndi za Ajeremani pa gombe lino zinadza pambuyo. Choncho Liuli, amene Ajeremani ankamutcha Sphinxhafen, kumene sitima ya Guendolen inaombera Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914, ndiponso kumene W. P. Johnson, womasulira Malembo m'Chinyanja, anaikidwa mu 1928, sapeza chitetezo pokhapokha nduna itamukumbukira.

Koma chimene chikutikhudza ife oŵerenga zinenero si chaka chokha. Liwu loti monument likamasuliridwa m'Chinyanja limakhala chipilala kapena chikumbutso, ndipo malo ngati Kilwa m'Chiswahili amatchedwa magofu, ndiwo mabwinja kwathu. Tsono bwinja ndi malo amene anthu anasamukapo, kaŵirikaŵiri chifukwa cha maliro kapena kuguga kwa nthaka. Pamamera nsatsi ndi bonongwe, amayi amakathyolako ndiwo, koma munthu sabwererako kukagona. Kutcha nyumba ya mishoni ndi mawu otere n'kuilira maliro eniake akadali m'katimo. Anthu a kunyanja adziŵa kuti nyumba imakhala ndi moyo pozira pansi, pomata ming'alu ndi pofolera dzinja lisanafike. Yosasonkhedwa moto chiswe chimailoŵa. M'chinenero chawo kusunga ndi kukonza ndi ntchito imodzi, pamene lamulo limafuna chilolezo cha akuluakulu a zakale munthu asanasinthe kanthu pa chomangidwa cholengezedwa. Mpingo umene denga lake likudontha ungaope chilengezocho koposa mvula.

Sitikunena kuti chilolezo n'chachabe. Pulasitala wa simenti pa njerwa zomangidwa ndi dothi amatsekera chinyontho m'kati, khoma n'kufumbutuka. Chosoŵa ndi liwu la nyumba yakale imene ikugwirabe ntchito, ngakhale ntchito yatsopano, monga Mandala ku Blantyre, ya 1882, imene inasanduka malo a mabuku a Society of Malawi. Ife tikuona kuti choloŵa, chofanana ndi urithi m'Chiswahili, ndilo loyenera, pakuti choloŵa munthu amakhalamo, amachikonza, ndipo amayankha kwa abale akachiwononga. Popeza mseu watala wochokera ku Mbinga wafika ku Mbamba Bay ndipo malo omangapo ayamba kufunidwa, tikupempha kuti omasulira malamulo a zomanga a khonsolo ya Nyasa ayambe afunsa anthu a Chinyanja, Chimpoto ndi Chimatengo mawu amene iwo amatchulira nyumba zoterezi.