George Woodcock, Mlembi wa Mbiri za Anthu

George Woodcock anabadwira ku Winnipeg, m'dziko la Canada, m'caka ca 1912, koma anakulira ku England. Agogo ace anafuna kumlipirira maphunziro ku Cambridge ngati akadalola kudzakhala mbusa wa mpingo. Iye anakana, nalowa ukalaliki ku njanji ya Great Western Railway. Anali wa ciphunzitso ca anarchism, cimene cimati anthu angathe kukhala mothandizana popanda boma lowalamulira.

Kawirikawiri munthu wa maganizo olimba otere akamalemba za mnzace amasanduka woweruza mlandu. Woodcock sanatero, ndipo apa ndi pamene pagona ubwino wa mabuku ace. M'caka ca 1942 anakangana kolimba ndi George Orwell m'magazini ya Partisan Review pa nkhani ya nkhondo, pakuti Woodcock anakana usilikali. Pambuyo pace anapalana ubwenzi. Buku lace lonena za Orwell, The Crystal Spirit, la 1966, lilibe mangawa, ndiponso silimtama mopitirira. Limaonetsa munthu woona mtima, koma wofulumira kudzudzula anzace. Linalandira mphotho ya Governor General.

Buku lace lochuka la Anarchism, la 1962, lili ndi cilema cimodzi. Analilemba monga wokamba pa maliro, poyesa kuti gululo linafera ku Spain m'caka ca 1939. Koma m'caka ca 1968 acinyamata a ku Paris anadzutsanso maganizowo, ndipo posindikizanso bukulo anaonjezera mau ena. Anamwalira ku Vancouver m'caka ca 1995.