Mawu a Chifunga M'makalata a Malonda

Achewa amatamanda munthu wodziwa kuzungulira polankhula. Mwambi uja wakuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika umaphunzitsa kuti mwana waulemu sakana poyera, koma amapeza njira yobisika. Luso limeneli limakoma pabwalo la milandu ndi pachinkhoswe. Tsoka lake n'lakuti alembi ambiri amalitengera m'makalata a malonda, m'mene mawu aliwonse amaimira ndalama.

Chitsanzo chake ndi chiganizo ichi, chonga chimene wogula mbewu angalembere mlimi: "Tidzagula matumba anu angapo a chimanga posachedwapa pamtengo wabwino." Pochimva, chiganizochi n'chaulemu ndithu, koma sichikulonjeza kanthu. Kodi "angapo" ndi angati? Kodi thumbalo ndi la makilogalamu 50 kapena 90? Kwa wogula, "posachedwapa" ikhoza kukhala miyezi iwiri, pomwe kwa mlimi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi ndi mawa lomweli. Nanga mtengowo ukomera yani? Mlembi wosamala akadati: "Tidzagula matumba 20 a makilogalamu 50 pa 15 Juni," n'kutchula mtengo wa kilogalamu imodzi m'manambala. Apo palibenso pothawira tsiku la mkangano.

Chilema chachiwiri ndi kusiya mawu amene akusenza tanthauzo lonse. Kalata ya ngongole ikati chiwongoladzanja ndi K10 pa K100 iliyonse, osanena kuti ndi pamwezi kapena pachaka, yatchera msampha. Wokongola K100,000 akhoza kuyembekeza kuwonjezera K10,000 chaka chikatha, koma wokongozayo n'kufuna K120,000, poti iye amawerengera pamwezi. Mawu amodzi osowawo ndi okwanira kulanditsa njinga kapena mbuzi zimene zidaikidwa chikole.

Chilema chachitatu ndi kudzionetsera. Alembi ena amathira Chingerezi chozama pofuna kuoneka ophunzira, ngakhale akudziwa kuti wolandira kalatayo adzakafuna womumasulira. Kubwereka mawu pakokha si kulakwa. Mawu monga lisiti, banki ndi sitolo adakhazikika kale ndipo aliyense amawamva. Komanso zinenero za konkuno sizichepa pamalonda: pamene dziko la Malawi lidasiya mapaundi ndi mashereni mu 1971, ndalama zatsopano zidatchedwa kwacha ndi tambala, mayina amene anthu sadavutike nawo. Muyeso wa mawu abwino ndi wakuti wowerenga awamve popanda mkhalapakati.

Vutoli si la Chichewa chokha. Mu 1979, Chrissie Maher adang'amba mafomu a boma ovuta kumva pabwalo la Parliament Square ku London, ndipo apo m'pamene padayambira bungwe la Plain English Campaign. Ku South Africa, lamulo loteteza ogula la 2008 lidalamula kuti zikalata zopita kwa ogula zizilembedwa m'mawu osavuta. Maiko onsewa adaona kuti wovulala ndi mawu achifunga kawirikawiri amakhala wosauka.

Tsono sikuti kalata ya malonda ikhale yamwano. Malonje achidule ndi kuthokoza zili ndi malo ake. Koma ulemu weniweni m'kalata yotere ndi kuuza wowerenga chinthu, kuchuluka kwake, mtengo ndi tsiku, kuti asankhe akudziwa chimene akuvomera asanasaine kapena kudinda chala.